Tsitsi likamatsalira m'chipeso, kayezetseni magazi

Boma la Angónia silidziwika ndi njala. Magalimoto amachoka m'misika yozungulira Ulongwe atalemedwa ndi kachewere, nyemba, soya ndi chimanga, ena kulowera ku Tete, ena kudutsa chipata cha Calómuè kupita ku Dedza. Komabe kusikelo namwino sasiya kutsitsa chikope cha mayi woyembekezera kuti aone ngati mkati mwake muli mofiira kapena motuwa. Munthu angathe kukhuta tsiku lililonse magazi ali ochepa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse la Mozambique wa mu 2011 anapeza vutoli mwa amayi 54 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, ndiponso mwa ana 69 pa 100 alionse osakwana zaka 5.

Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi kuchepa kwa mchere wa ayironi. Thupi la munthu wamkulu limakhala ndi magalamu 3 kapena 4 okha a mcherewu. Wambiri uli mu himogulobini, chinthu chofiiritsa magazi chomwe chimanyamula mpweya wabwino kuchoka m'mapapo kupita thupi lonse. Wina umasungidwa, makamaka m'chiwindi, mu puloteni yotchedwa feritini. Feritini ali ngati nkhokwe: banja limadyabe nsima monga mwa masiku onse chimanga chikutsikira pansi, ndipo wodutsa panjira saona kusintha. Momwemonso himogulobini amaoneka wabwinobwino kwa miyezi yambiri ayironi wosungidwa akutha. Thupi limayamba lasamala mtima, ubongo ndi minofu. Tsitsi limadikira.

Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000. Lililonse limakula kwa zaka 2 mpaka 6, n'kupuma miyezi ngati itatu, kenako n'kugwa kuti lina limere pamalopo. Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku si matenda. Vuto limabwera thupi likapanikizika ndi malungo aakulu, kutaya magazi, kuwonda mwadzidzidzi kapena kusowa ayironi: tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi, koma kugwa kwake kumayamba patapita miyezi iwiri kapena itatu. Kuchedwaku n'kumene kumasokeretsa anthu. Mayi amene anataya magazi ambiri pochira mu Januwale amadzaona chipeso chitadzaza mu Epulo, mlandu n'kugwera mafuta odzola atsopano, woluka tsitsi, kapena mnansi amene akumuganizira kuti ali ndi nsanje.

Tisakokomeze. Akatswiri a matenda a pakhungu sanamvanebe kwathunthu pa nkhaniyi: akafukufuku ena anapeza feritini wotsika mwa amayi othothoka tsitsi, ena sanapeze kusiyana kwenikweni. Ndiponso amayi ambiri amathothoka tsitsi akabereka ngakhale magazi ali okwanira, chifukwa cha kusintha kwa mahomoni, ndipo limabwerera lokha mwana asanakwanitse chaka kapena chapomwepo. Mathothokedwe ake amanena zambiri. Tsitsi lothothoka chifukwa chosowa ayironi limapyapyala mutu wonse, osasiya dazi la malo amodzi. Likamatha m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu, kawirikawiri ndi kuluka kothina, mesh yolemera kapena mankhwala owongolera tsitsi. Zigamba zozungulira zokhala ndi mfundu pamutu pa mwana ndi chipere. Chindoko ndi matenda a chithokomiro nazonso zimathothola tsitsi. Palibe mafuta a pamsika amene amachiza chilichonse mwa zimenezi.

Choncho tsitsi lisaweruzidwe palokha. Munthu adzifunse ngati akutopa asanagwire ntchito, ngati akupuma mwawefuwefu pa kachitunda komwe kale ankakwera atasenza ndowa, ngati mtima ukugunda mothamanga, akumva chizungulire, kapena zikhadabo zikuthetheka n'kumalowa mkati. Palinso chilakolako cha dothi. Ambiri amachitenga ngati nkhani ya pakati basi, koma nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo dothilo limatha kutchinga ayironi wa m'zakudya kuti asalowe m'thupi, kapena kubweretsa mazira a njoka zam'mimba.

Pa zoyeza magazi, anthu akumtunda kuno ali ndi nkhani yawoyawo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati magazi achepa himogulobini akatsika pansi pa 12 kwa mayi, 11 kwa woyembekezera ndi 13 kwa bambo. Manambalawa ndi a anthu okhala kufupi ndi nyanja yamchere. Ulongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mpweya ndi wopepukirapo, ndipo thupi limapanga himogulobini wochulukirapo kuti likwanitse. N'chifukwa chake malangizo a bungweli amati zotsatira za anthu akumapiri azizichotsera pang'ono asanaweruze. Mayi wa ku Ulongwe amene wapezeka ndi 12 sali pofanana ndi mnzake wa ku Beira amene wapezeka ndi 12 yemweyo. Kumene kuli kotheka kuyeza feritini, kutsika pansi pa 15 kumasonyeza kuti wosungidwa watha, ngakhale kuti malungo ndi matenda ena otupitsa amamukweza mwachinyengo.

Funso lofunika kuposa onse ndi lakuti ayironiyo akuthera kuti. Kwa atsikana ndi amayi ambiri yankho ndi kusamba kochuluka kapena kwa masiku ambiri, nkhani imene imabisidwa chifukwa cha manyazi. Mimba imodzi imadya pafupifupi mamiligalamu 1,000, ndiye kubereka motsatizana sikupatsa thupi mpata wobwezeretsa. Njoka zam'mimba zoyamwa magazi ndi likodzo zimakhetsa pang'onopang'ono. Malungo amaswa maselo ofiira, vuto limene mapiritsi a ayironi paokha sangathetse. Bambo kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka alibe ayironi, afufuzidwe m'mimba, chifukwa zilonda ngakhale khansa zimatha kutaya magazi mosaoneka.

Mu 2016 boma la Mozambique linalamula kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale uziwonjezeredwa ayironi. Lamulo labwino, koma banja lolima lokha limadya ufa wa kuchigayo cha pamudzi, wokonola n'kuviika, umene wataya mbali yaikulu ya mchere wake. Zotsala zili m'ndiwo. Ayironi wa m'nyama, chiwindi, usipa ndi kapenta amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa m'nyemba, soya, bonongwe ndi khwanya. Wa m'zomerayu amafuna mnzake, vitamini C: tomato, gwafa, malambe kapena madzi a ndimu pa chakudya chomwecho. Soda wothira m'masamba amawononga vitaminiyu, ndipo tiyi womwera pa chakudya amamanga ayironi, choncho ndi bwino adikire ola limodzi kapena awiri. Chidede n'chabwino kumwa, koma kufiira kwake si magazi. Zakumwa zofiira za m'mabotolo, zimene ena amagulira odwala, ndi shuga ndi utoto chabe.

Ayironi akatheratu, chakudya chokha chimachedwa kumubwezeretsa. Mapiritsi a ayironi otchedwa sal ferroso, omwe amayi amalandira kusikelo, amadetsa chimbudzi ndipo ena amawachititsa nseru kapena kudzimbidwa. Apa ndi pamene ambiri amawasiyira panjira. Kudako sikoopsa, ndipo nseru imachepa akamwedwa munthu atadyako pang'ono. Amafunika kupitirizidwa miyezi ngati itatu magazi atabwerera kale mwakale, komanso kusungidwa patali ndi ana chifukwa mwana akameza ambiri angathe kufa. Mphamvu zimayamba kubwerera m'masabata ochepa, koma tsitsi limakula sentimita imodzi yokha pa mwezi, moti kusintha kumaoneka pakatha miyezi 6 kapena kuposa. Ngati patatha mwezi munthu akumwa mokhulupirika himogulobini sanakwere, abwerere kuchipatala akafufuze china chimene chikudya magaziwo.