Botolo lodontha ndi limene limaitana mavu

Ku America kuli timbalame totchedwa hummingbird, tofananako ndi choso wathu uja. Anthu amatipachikira mabotolo a madzi a shuga pakhonde: kapu 1 ya shuga, makapu 4 a madzi. Vuto ndi loti mavu, njuchi ndi nyerere nazonso zimafika, mpaka kambalame kuthawa chakudya chake. Kupopera mankhwala n'koopsa, chifukwa kambalame nako kakhoza kufa.

Funso limene ndimakonda kufunsa m'kalasi ndi ili: mavuwo akuwaitana ndani? Kawirikawiri ndi madontho. Mabotolo ambiri amapachikidwa chozondoka, ndipo pamwamba pa madzi pamatsala mpweya. Dzuwa likawomba, mpweyawo umatentha, umafufuma, n'kukankhira madzi panja. Basi, mavu apeza phwando.

Tayesani nokha. Thirani madzi theka m'botolo lagalasi, boolani kabowo pachotsekera, mulizondotse, muliike padzuwa. Mwaona madontho aja, eti? Ndi zomwe timaphunzira zija, zoti mpweya ukatentha umafuna malo aakulu.

Ndiye yankho lili pomwepo. Botolo lipachikidwe pamthunzi. Koposa apo, agwiritse ntchito kambale kovindikira kokhala ndi timabowo pamwamba, madzi akhale pansi ndithu. Kambalame kali ndi mlomo ndi lilime lalitali, kamafikira. Mavu amangozungulira n'kubwerera.

Nanga nyerere? Zimatsikira pachingwe, choncho pachingwepo amaikapo kachikho ka madzi, monga timachitira poika miyendo ya kabati m'zitini za madzi. Mafuta ayi, amamata nthenga.