Sukulu za kunyanja ziphunzitsenso za kunyanja

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndilankhulepo pa za maphunziro a ana athu kuno ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay.

Ife a kuno sukulu sitidayambe dzulo ayi. Dr Robert Laws adasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera pa Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo atakwera ku Khondowe mu 1894 adatsegula sukulu ya Overtoun. Chimene ambiri timaiwala n'chakuti kumeneko mwana sankangophunzira kuwerenga ndi Chingerezi chokha. Ankaphunziranso ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndiponso ukalaliki. Wotuluka kumeneko ankasankha yekha kolowera. Clements Kadalie, mwana wa kwa Chifira pafupi ndi Bandawe pompano, ndi sukulu yomweyi imene adapita nayo ku Cape Town n'kukayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919.

Nanga lero? Mwana amalowa Sitandade 1 maso ali pa mayeso a MANEB basi. Akakhoza Sitandade 8 athamangire ku sekondale, akakhoza Fomu 4 athamangire ku yunivesite. Msewu ndi umodzi wokha, ndipo kumathero kwake n'kopapatiza zedi. Boma lidachita bwino kuchotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana adadzaza m'makalasi mpaka ena pansi pa mitengo ya mango, koma sitidafunsane kuti khamu lonseli likamaliza lidzalowera kuti. Amene mayeso awakana timangoti "walephera", ngati kuti m'manja mwake mulibe kanthu.

Pitani pa gombe madzulo mukaone. Anyamata amene akukonza nyali ndi chilimira kuti akaphe usipa, ambiri adakhalapo m'kalasi zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposa. Koma afunseni ngati kusukulu adamvako bwino chifukwa chimene chambo sichiyenera kuphedwa pa nyengo yoswana, kapena chifukwa chimene ukonde wa udzudzu umatha nsomba. Nkhani yake ndi yapafupi: maso a ukondewo ndi ang'onoang'ono kotero kuti umakokolola ndi tiana tomwe, tisanakule n'kuikira mazira. Izi ndi sayansi ndithu, yoti mwana wa Sitandade 6 angathe kuimva ataimirira pamchenga. Injini ya boti ikafa, eni ake amayenda mtunda kufuna makaniko. Usipa ukachuluka nthawi ya mvula umaolera pa thandala. Kodi zimenezi si maphunziro? Koleji ya zausodzi ili kutali ku Mpwepwe, ku Mangochi, ndipo ana athu ambiri sadziwa n'komwe kuti iliko.

Sindikunena kuti mwana wa msodzi akhale msodzi basi, ayi. Maganizo amenewo ndi oipa, ndipo tidaona kale kuwawa kodalira chinthu chimodzi. Makolo athu ankadalira ulendo wa ku Joni. Wenela idaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndipo TEBA nayo idasiya kulemba Amalawi mu 1988. M'zaka za m'ma 1970 tidauzidwa kuti pa Chintheche padzamangidwa fakitale yaikulu yopanga zipangizo za mapepala kuchokera ku mitengo ya paini ya ku Chikangawa. Mitengo idadzalidwa, idakula, fakitale osaoneka. Tsono amene angati akudziwa ntchito imene mwana wa Sitandade 1 adzagwire akadzakula akunama. Mwana apatsidwe makasu angapo: Chingerezi ndi masamu zolimba, kompyuta pamene magetsi alipo, komanso luso limodzi la manja loti adzadyere.

Malo ophunzirirapo tili nawo pakhomo. Ku Vizara kuli mphira, ku Kawalazi kuli tiyi, m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku Kande mpaka kuno kuli malo ogona alendo amene amafuna ophika, operekeza alendo ndi osunga ndalama. Chinangwa chimene timadyera kondowole chili ndi matenda ake ndi malonda ake. Chingavute n'chiyani kuti ana a Fomu 3 azipita kumalo otere sabata ziwiri pa chaka?

Ndikudziwa kuti silabasi imalembedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, ndipo ndi imodzi dziko lonse. Zimenezo n'zabwino, chifukwa mwana wa kuno ayenera kupikisana ndi wa ku Blantyre pa mayeso amodzi. Koma pempho langa n'lakuti asiyeko mpata pang'ono, ngakhale mapiriyodi awiri pa sabata, woti boma lililonse liikemo zake. Kuno akhale pansi a ofesi ya maphunziro, mafumu, makomiti a sukulu, makomiti a m'magombe ndi a TEVETA, amene adakhazikitsidwa mu 1999 kaamba ka ntchito yomweyi ya luso. Asaiwale atsikana, pakuti ndiwo amayamba kusiya sukulu, ndipo luso lawo lisangothera pa kusoka.

Chovuta ndi aphunzitsi ndi zipangizo, ndikuvomera. Koma akalipentala, osema mabwato ndi amakaniko alipo m'midzimu, ndipo ena angabwere kudzaphunzitsa Lachisanu masana atapemphedwa mwaulemu ndi kupatsidwa kangachepe.

Kholo lokhudzidwa,
Chintheche, Nkhata Bay.