Pulogalamu ya zipatala za ku Nyasa imadikira diso lachiwiri

Mwezi ukatha, ogwira ntchito zachipatala ku Liuli, Lituhi ndi Mbamba Bay amawonkhetsa chiwerengero cha odwala malungo, amayi oyembekezera ndi ana olandira katemera. Ziwerengerozi zimakalowa mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene dziko la Tanzania linaifikitsa m'maboma onse mu 2013.

Pulogalamuyi sigulidwa. Amaiyang'anira ndi akatswiri a ku University of Oslo, ku Norway, ndipo malamulo oiyendetsa ali poyera pa GitHub. Aliyense wodziwa ntchitoyi, kaya ali ku Dar es Salaam kapena ku Zomba, angathe kutumiza zimene wakonza. Koma sizilowa zokha ayi: katswiri wina ayenera kuziwerenga mzere ndi mzere, kuziyesa, kenaka n'kuvomereza.

Nkhani yagona pa nthawi. Ounikawo ali ndi ntchito zawozawo, pomwe phata la pulogalamuyi, kuyambira mu 2023, limatuluka latsopano kamodzi pachaka. Tsikulo likamayandikira, khomo limatsekedwa kuti ayese bwino zimene zalowa kale. Chatsopano chimene sichinaunikidwe chimagonera chaka chinacho, ngati munda wophonya mvula yobzalira. Zimene zimatuluka pakati pa chaka kwenikweni ndi zokonza zolakwika.

Kudikirako kumawawa, komabe ounikawo salakwa kukana phuma. Mzere umodzi wokhota ungachepetse chiwerengero cha malungo a m'dzinja, akuluakulu a zaumoyo ku Mbamba Bay n'kukonzekera odwala ochepa kuposa amene adzafike pa chipatala.