Kumene ngalawa zimabisala mwera ukalusa

Amayi, mukadzafika ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, mudzaona ngalawa za matanga zitaponya nangula pakati pa gombe la Chembe ndi chilumba cha Thumbi. Madzi ake ndi oyera mbee, moti mbuna zimaoneka zikusewera m'miyala. Malowa ali m'paki imene bungwe la UNESCO lidailemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Koma woyendetsa ngalawa sayang'ana kukongola kokha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umaomba mwamphamvu, mafunde n'kukula. Mapiri a ku Nankumba amatchinga mphepoyi, n'chifukwa chake Chembe ndi Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala, ndi pothawira pabwino.

Ilalayo ikafika kumpoto ku Usisya ndi Ruarwe, kumene kulibe jeti, imaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti aang'ono. Apa ndiye posamala. Mukapita kokapikula usipa, musakwere boti lodzaza, ndipo funsani jekete yoyandamitsa, yanu ndi ya mwana. Woyendetsa akati tidikire mphepo ileke, musam'kakamize. Kuona maso a nkhono n'kudekha.