Mfuti ya Browning: yokoma pa chandamale, nanga pakhomo?

Fodya akangopita ku okushoni ku Kanengo, kuno kwa Msakambewa tulo timachepa, chifukwa achifwamba nawo amadziwa nyumba imene mwalowa ndalama. Ndiye alimi ena, podziwa kuti ndinali msilikali, akhala akundifunsa za kamfuti ka m'manja kotchedwa Browning Hi-Power. Ati kodi tigule kotetezera banja?

Ine mfutiyi ndaiwombapo kambirimbiri ndipo sindingainyoze. Anaiyamba ndi John Browning wa ku America, koma atamwalira mu 1926 anaimaliza ndi Dieudonné Saive. Kampani ya FN ya ku Herstal, m'dziko la Belgium, inaitulutsa mu 1935. Imanyamula zipolopolo 13 za 9mm, pamene zinzake zambiri za nthawi imeneyo zinkathera pa 7 kapena 8. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse mbali zonse ziwiri zinaigwiritsa ntchito, ndipo asilikali a ku Britain anakhala nayo mpaka 2013 pamene anasankha Glock 17.

Pamalo ophunzirira kuwombera, abale, njokoma zedi. Imakhala bwino m'dzanja, ndipo poti njachitsulo, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, siidumpha kwambiri ikalira. Munthu wozolowera salephera chandamale. Zilema zake nazo zilipo. Kanyundo kake kakumbuyo kamatsina chikopa cha pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kachitsulo kokoka powombera nkolimbirapo, ndipo loko ya zakalezo njaing'ono moti chala chonjenjemera chimaiphonya.

Apa mpamene pagona nkhani. Mfutiyi siilira ngati kanyundo kaja sikanakokedwe, ndipo ukachotsa magazini imangoti zii. Msilikali amachita zimenezi osaganiza nkomwe, chifukwa anazibwereza mpaka zinalowa m'magazi. Nanga inu bambo, amene mwaiwomba kawiri chigulire, mudzakumbukira zonsezi pakati pa usiku, mumdima, chitseko chikuswedwa ndi chimwala, ana akulira? Mukachedwa pang'ono, mfuti yanu yomweyo ndi imene mbava zidzapite nayo.

China nchakuti FN inaleka kupanga mfuti imeneyi mu 2018. Imene anatulutsa mu 2022 ili ndi dzina lofanana koma mapangidwe ake ndi ena. Choncho Browning yeniyeni imene angakutsatseni njogwirapo kale ntchito, mwina kwa zaka 40 kapena kuposa. Masipuling'i amatopa, magazini amapindika milomo, chipolopolo nkumakakamira. Zipangizo zake mukazipeza kuti? Pa Mponela pali okonza njinga zamoto ndi zigayo, koma mfuti si ya kuipereka kwa wowotcherera zitsulo. Zipolopolo nazo nzodula, ndipo m'mapiri muno mulibe malo ovomerezeka oti munthu wamba nkumakayeserera.

Chenjerani makamaka ndi yotchipa. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, komanso asilikali atalanda zida Apayoniya pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, mfuti zambiri zinalowa m'manja osadziwika. Yopanda mapepala simudziwa kuti inapha ndani, ndipo kupezeka nayo popanda chilolezo cha apolisi ndi ulendo wa kundende. Safunsa anadya phula.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi chilolezo, malo okhoma bwino oti mwana sangafikepo, ndi mpata wophunzira mwezi ndi mwezi kwa munthu wodziwa, Browning yopimidwa bwino ikutumikirani. Ngati chimodzi mwa zitatuzi palibe, ndalamayo guliranitu chitseko chachitsulo ndi nyali ya sola, wetani agalu, ndipo gwirizanani ndi anzanu a chitetezo cha m'mudzi. Ndalama za fodya zisiyeni kubanki kapena mufoni, muzitapa pang'onopang'ono. Achifwamba amatsata ndalama, ndipo nyumba imene mulibe ndalama kawirikawiri amailambalala.