Phungu amene ankasowetsa mtendere Cecil Rhodes

M'chaka cha 1897, komiti ya aphungu 15 a nyumba ya malamulo ku London inakhala pansi kufufuza nkhani imene inachititsa manyazi dziko la Britain. Pa 29 Disembala 1895, Leander Starr Jameson, mnzake wa ponda apa nane mpondepo wa Cecil Rhodes, analowa ku Transvaal ndi anthu amfuti pafupifupi 600 kuti akagwetse boma la Paul Kruger. Pofika pa 2 Januwale anali atagwidwa kale ku Doornkop. Anthu ankafunsa ngati boma la Britain linkadziwa za chiwembuchi.

Mmodzi mwa ofufuzawo anali Joseph Chamberlain, nduna yoona za maiko atsamunda, yemwenso ankamuganizira kuti zonse ankazidziwa. Kunali ngati kuika fisi pabwalo lozenga mlandu wa mbuzi yosowa.

M'komitimo munalinso Henry Labouchere, phungu wa Northampton kuyambira 1880, wachipani cha Liberal, mwini magazini ya Truth. Mkuluyu anali wachuma komanso wapakamwa. Kampani ya Rhodes, British South Africa Company, anayamba kulimbana nayo kale. Mu 1893, pamene mfuti za Maxim za kampaniyo zinkapulula ankhondo a mfumu Lobengula ya Amandebele, iye ankanena m'nyumba ya malamulo ndi m'magazini yake kuti zoti akufalitsa chitukuko n'zonamizira chabe, chimene akufuna ndi golide, malo ndi kukweza mtengo wa masheya. Kampani yomweyi ndiyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston kuti ayendetsere boma kuno ku Nyasaland kuyambira 1891. Njanji ya Uganda, imene anayamba kuiyala ku Mombasa mu 1896, nayonso Labouchere ankaitsutsa kuti ndi kumwaza ndalama za okhometsedwa msonkho.

Koma pakamwa pomwepo panamupweteketsa. Ananena poyera kuti Rutherfoord Harris, mlembi wa kampaniyo ku South Africa, anadyapo pamsika wa masheya chifukwa chodziwiratu za chiwembucho. Atamuuza kuti abweretse umboni, analephera, ndipo anabweza mawu ake. Anzake a Rhodes anapezerapo mwayi womutenga ngati wongobwebweta. Panthawi yomweyo loya wa Rhodes, Bourchier Hawksley, anakana kupereka matelegalamu amene ambiri ankati akanaulula mbali ya Chamberlain, ndipo komiti inangomusiya. Apa m'pamene nkhani inafera.

Lipoti linatuluka mu Julayi. Linadzudzula Rhodes, koma Chamberlain linamuyeretsa. Labouchere analemba lake lapadera, lowawa kwambiri, limene silinapeze omuthandiza. Patapita masiku ochepa Chamberlain anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kunena kuti Rhodes sanachite chilichonse chodetsa ulemu wake.

Kampaniyo sinalandidwe chilolezo. Inalamulirabe Southern Rhodesia mpaka 1923, ndi Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, mpaka 1924.