Makina Odziwa Kudikira

Anzanga, pa msika wa Lizulu mumaona ogula kacewere alikudinadina lamya zao, ndarama zitakana kupita. Onse akabwereza nthawi imodzi, njira imatsekeka monga khomo la cipinda cathu codyera belu likalira.

Nzeru yocepetsa bvutoli inayamba ku Hawaii m'caka ca 1971, pa makina a wailesi, dzina lace ALOHAnet. Mauthenga akaombana, makina ali onse amacita maere kuti apeze nthawi yodikira. Ena amatsogola, ena nadza pambuyo. Popanda maerewo onse akadabwerera pamodzi ndi kuombananso. Pa Ethernet anaonjezapo kuti akalepheranso, malire a nthawiyo azikula kawiri: 2, 4, 8.

Koma wokonza pulogalamu aike polekezera, kuopa kuti mai wogulitsa tomato angadikire kufikira basi ya ku Dedza itamsiya.